ABWENZI NDI GOLI LA UKAPOLO

Munthu wocoka ku Lusaka pa mseu waukuru wa kum'mawa, akapitirira Chongwe ndi kuyenda mamailosi pafupi 100 kucokera mumzindamo, afika pa Rufunsa. Ndipo akapirira ndi zitunda ndi makhwawa a kumeneko, mseu umtsitsira pa mlatho wa Luangwa. Dziko limeneli ndi la Asoli, la mafumu Mpanshya, Bunda Bunda ndi Shikabeta, ndipo linakhala boma pa lokha m'caka ca 2013, pamene analipatula ku Chongwe. Apaulendo ambiri sakumbukira kanthu ka kumeneko koma nsomba zouma ndi madengu amene agula pa mlathopo. Koma madzi opita pansi pa mlathowo atsikira ku Feira, kumene Luangwa athira m'Zambezi moyang'anana ndi Zumbo, ndipo kale njira imeneyo inapitamo anthu ambirimbiri ali m'magoli.

M'zaka za 1870 ndi 1880 cigwa conse ca Luangwa cinali kunjenjemera ndi Acikunda. Akuru ao otchuka anali Kanyemba ndi Matekenya, amene anali ndi maina a Cipwitikizi ndiponso magulu a ankhondo a mfuti. Poyamba anafuna minyanga ya njovu. Koma mnyanga ufuna wousenza, ndipo wousenzayo akafika nao ku dooko, iye yemwe akhoza kugulitsidwa. Kotero anagwa pa midzi ya Ansenga, ya Aambo, ya Alala ndi ya Asoli, natentha nkhokwe, natenga akazi ndi ana. Anthu a mfumu Mburuma analimbana nao kolimba, koma mkondo ndi uta sizilingana ndi wonga. Kumpoto ndi kum'mawa kunali njira yina, ya Ayao ndi Aluya, yooloka nyanja ya Nyasa kunka ku Kilwa, ndi kucokera kumeneko m'zombo kunka ku zisumbu za Zanzibar ndi Pemba, kumene akapolo analima minda ya mitengo ya zonunkhira, yotchedwa karafuu m'Ciswahili. Ambiri a akapolo a m'mindamo anawatcha Wanyasa, cifukwa ca dziko locokerako.

Pa cisumbu ca Pemba cimeneco, kuciyambi kwa caka ca 1897, panatsika Mngerezi dzina lace Theodore Burtt. Sanali mbusa kapena wansembe, ndipo mpingo umene unamtuma unalibe mabishopu, unalibe ubatizo wa madzi, ngakhale nyimbo m'mapemphero ace. Anadza kudzagula munda, kuti akapolo omasulidwa apeze pokhala ndi nchito ya malipiro. Mpingo wacewo ndiwo wa Abwenzi, umene anthu a kunja autcha Quaker. M'Zambia ndi m'Malawi Abwenzi ali owerengeka, ndipo omvera ambiri sanaonepo nyumba yao yopemphereramo. Koma pa mlandu wa ukapolo kagulu kameneka kanasenza mtolo woposa msinkhu wace, ndipo mbiri yace siyosalala monga aiyesa ena.

Woyambitsa

George Fox anabadwa m'caka ca 1624 m'mudzi wa Fenny Drayton ku Mangalande. Atate wace anali woomba nsaru, ndipo iye anaphunzira nchito kwa munthu wosoka nsapato amene anali kuwetanso nkhosa. Ali ndi zaka 19 anacoka kwao ndi mtima wosautsika, nayendayenda kufunsa ansembe ndi alaliki, osapeza womkhazika mtima pansi. Masiku amenewo Mangalande anali pa nkhondo ya paciweniweni, mfumu kulimbana ndi Nyumba ya Malamulo, ndipo mbali zonse ziwiri zinali kupemphera kwa Mulungu mmodzi yemweyo kuti aphe anzao. M'caka ca 1647 Fox anatsimikiza mumtima kuti Kristu alankhula yekha ndi munthu ali yense, popanda mkhalapakati, ndi kuti mwa munthu ali yense muli kuunika kocokera kwa Mulungu, kumene munthu akhoza kukumvera kapena kukukana.

Anayamba kulalikira zimenezi m'misika ndi m'mabwalo, ndi m'macalici momwe wansembe atatha kulankhula. M'caka ca 1650 anamgwira ku Derby. Pa bwalo la milandu anauza woweruza, Gervase Bennet, kuti anthunthumire pa mau a Mulungu. Ndipo woweruzayo pomseka anatcha iye ndi anzace Quaker, ndiko kunena onthunthumira. Dzina la cipongwelo linakakamira kufikira lero. Ali m'ndende momwemo anampempha kuti akhale kapitao wa asilikari, kuti ammasule; iye anakana, ndipo anamtsekera m'dzenje la akaidi oipitsitsa. M'moyo wace analowa m'ndende kasanu ndi katatu. M'caka ca 1652 analalikira kwa anthu ngati 1,000 pa citunda ca Firbank Fell, ndipo caka comweco Margaret Fell, mkazi wa woweruza wamkuru, anatsegula nyumba yace ya Swarthmoor kuti ikhale likuru la gulu latsopanolo. Mai ameneyu analemba kabuku m'caka ca 1666 kotsimikiza kuti akazi ayenera kulalikira, ndipo atamwalira mwamuna wace anakwatiwa ndi Fox m'caka ca 1669.

Kapembedzedwe kao kanali kotere: asonkhana m'cipinda copanda guwa, nakhala cete. Wina akamva kuti wapatsidwa mau, aimirira nanena, kaya ndi mwamuna kaya mkazi, kaya mwini munda kaya wanchito wace. Akatha akhalanso pansi, ndipo cete abwerera. Pa misonkhano yoweruza nkhani saponya voti, koma adikira kufikira onse amvana. Iyi ndi njira yocedwa, ndipo kucedwa kwace kudzaoneka patsogolo pa nkhani yino.

Cimene cinakwiyitsa akuru a dziko si kukhala cete ai, koma makhalidwe ao. M'Cingerezi ca masiku aja munali mau awiri oitanira munthu, monga Cinyanja ciri ndi "iwe" ndi "inu". Abwenzi anati pamaso pa Mulungu palibe wamkuru, nayamba kunena "iwe" kwa ali yense. Omvera angoganiza mnyamata wofika pa bwalo la mfumu Mpanshya, osagwada, osaomba m'manja, cipewa ciri kumutu, nati kwa mfumu "iwe". Momwemo ndimo anamvera oweruza a ku Mangalande. Anakananso kulumbira pa bwalo, nati munthu wonena zoona masiku onse safuna lumbiro, ndipo wolumbira abvomera kuti masiku ena amanama. Anakana kupereka cakhumi kwa ansembe a boma. M'sitoro anaika mtengo umodzi wosanenerera, kotero kuti mai anakhoza kutuma mwana wamng'ono osaopa kuti ambera. Ndipo ici m'kupita kwa nthawi cinawalemeretsa, pakuti ogula anawakhulupirira. M'Januwale 1661 analembera Mfumu Charles II kuti iwo sadzagwira cida ca nkhondo pa cifukwa ciri conse.

Anasauka nazo. Zikwi zambiri anaponyedwa m'ndende, ndipo mazana anafera momwemo ndi njala, mphepo ndi matenda. Ku Boston, m'Amereka, mai wina dzina lace Mary Dyer anapacikidwa pa cingwe pa 1 Juni 1660 cifukwa anabwerera mumzinda umene anampitikitsamo. Mazunzo anacepa ndi lamulo la 1689 lolola mipingo yina, ndipo Fox anamwalira ku London m'caka ca 1691, mpingo wace uli pa mtendere.

Cirema ca m'nyumba

Tsono munthu akadayesa kuti anthu okana kubvula cipewa kwa mfumu, cifukwa anthu onse ali olingana, sakadagula munthu mnzao pa msika. Koma anagula. Pa cisumbu ca Barbados, kumene kunali minda ya nzimbe, Abwenzi olemera anali ndi akapolo ocokera ku Afrika. Fox anafikako m'caka ca 1671, nawalangiza kuti awasunge bwino, awaphunzitse za Mulungu, ndi kuwamasula atatumikira zaka zingapo. Koma sananene kuti kukhala ndi kapolo ndi cimo. William Penn, amene anakhazikitsa dziko la Pennsylvania m'caka ca 1681 kuti likhale pothawira ozunzidwa, nayenso anali ndi akapolo pa munda wace.

M'caka ca 1688 amuna anai a ku Germantown, pafupi ndi Philadelphia, analemba kalata yofunsa abale ao ngati iwo akadakonda kugulitsidwa, ndi kulekanitsidwa ndi akazi ao ndi ana ao. Msonkhano wa mwezi unati nkhaniyi yatikulira, nuitumiza ku msonkhano wapamwamba. Umenewo nuitumiza ku msonkhano wa caka. Ndipo kumeneko anaiika pambali. Kalatayo inatayika m'mabokosi kufikira inapezekanso m'caka ca 1844. Umo ndimo icitira misonkhano pamene nkhani ikhudza thumba la okhala pa mipando ya kutsogolo.

Amene anakana kuikidwa pambali ndiye Benjamin Lay. Anabadwa ku Mangalande m'caka ca 1682, munthu wamfupi ngati mwana wa zaka khumi, wa linunda pamsana, wosaphunzira kwambiri, amene anagwira nchito ya umalinyero. Anakhala zaka ziwiri ku Barbados ali ndi kasitoro, ndipo zimene anaona kumeneko, akapolo kukomoka ndi njala ndi kukwapulidwa kufikira imfa, sizinamcoke m'maso. Atasamukira ku Pennsylvania m'caka ca 1732 anapeza kuti atsogoleri a mpingo wace omwe ali ndi akapolo. Anakakhala m'phanga, nadzilimira zakudya zace, nadzipotera yekha ulusi wa zobvala zace, kuti asadye kapena kubvala kanthu kocokera ku thukuta la kapolo. Tsiku lina la cisanu anaima pa khomo la nyumba yopemphereramo, phazi limodzi liri losabvala m'cipale cofewa. Ndipo pamene olowa anamcenjeza kuti adzadwala, anawakumbutsa kuti akapolo ao agwira nchito panja m'cisanu comweco ndi nsanza zokha.

Cinthu cace cotchuka anacicita m'Sepitembala 1738 pa msonkhano wa caka ku Burlington. Anabvala malaya a usilikari ndi lupanga kunsi kwa cobvala cace cacikuru, natenga buku limene analiboola m'kati ndi kubisamo cikhodzodzo ca nyama codzala ndi madzi ofiira a zipatso. Ataimirira kudzudzula osunga akapolo, anataya cobvalaco, nasolola lupanga, nabaya bukulo. Madzi onga mwazi anawazikira pa okhala pafupi, ndipo akazi ena anakomoka. Anamnyamula namtaya pa khomo. Mpingo unamcotsa, nulengeza m'nyuzi kuti buku limene analemba, losindikizidwa ndi Benjamin Franklin, siliri la Abwenzi. Anamwalira m'caka ca 1759 ali kunja kwa mpingo. Zinapita zaka zoposa 250, ndipo m'caka ca 2017 misonkhano imene inamcotsa inayamba kubvomera poyera kuti wolakwa sanali iye.

Kalaliki wa ku Mount Holly

Lay anali ngati mphenzi; John Woolman anali ngati mvula ya mawawa imene ilowa pansi osamveka. Anabadwa m'caka ca 1720 m'dziko la New Jersey, ndipo ali mnyamata analowa nchito ya ukalaliki m'sitoro ya ku Mount Holly. Tsiku lina bwana wace anagulitsa mkazi kapolo, namuuza kuti alembe kalata ya malondawo, wogula ali ciriri pomwepo, nayenso Mbwenzi wacikulire. Woolman anadzidzimuka, nalemba. Koma atalemba ananena pamaso pa onse awiri kuti iye akhulupirira kuti kusunga akapolo sikugwirizana ndi Cikristu. Kalata imeneyo inamlemera moyo wace wonse. Kuyambira pamenepo, munthu akadza kudzalembetsa kalata yogawa cuma ca masiye, ndipo m'cumaco muli kapolo, Woolman anali kulemba zonse kusiya mzere umenewo, nafotokoza cifukwa cace mofatsa. Ndipo ena, pocita manyazi, anamasula akapolo ao.

Malonda ace atayamba kukula anawasiya dala, nakhala telala ndi wosamala munda wa zipatso, kuti apeze nthawi ya kuyenda. M'caka ca 1746 anayendera Abwenzi a ku Maryland, Virginia ndi North Carolina, ndipo pa zaka zambiri anabwereza maulendo otere, ena pa kavalo, ena pansi. Njira yace inali yosautsa koposa kutukwana. Anali kugona m'nyumba ya mwini akapolo monga mlendo, nadya naye, nakamba naye usiku. Ndipo m'mawa potsazika anatulutsa ndalama, nati izi nza akapolo amene anamphikira ndi kumsamalira kavalo, pakuti sangalandire kwaulere nchito ya munthu wosalipidwa. Mwini nyumba amene mlendo amlipira pa khomo pace adziwa kuti wadzudzulidwa, koma alibe pomgwirira mlandu. Pambuyo pace Woolman analeka shuga, analeka kumwera m'zikho za siliva, nayamba kubvala nsaru zosanyika mu utoto, pakuti utoto womwe unali kupangidwa ndi akapolo. Anthu anamseka ndi cipewa cace coyera.

M'caka ca 1772 anaoloka nyanja kunka ku Mangalande, nakana cipinda ca apaulendo olemera, nagona pansi pamodzi ndi amalinyero. Atafika anakana kukwera magareta a mtengatenga cifukwa ca nkhanza imene eni ace anacitira akavalo ndi anyamata owayendetsa, nayenda pansi kunka kumpoto. Anadwala nthomba, namwalira ku York pa 7 Okutobala 1772, ali ndi zaka 51.

Pamenepo mpingo unali utatembenuka kale. M'caka ca 1758 msonkhano wa caka wa ku Philadelphia unalamula kuti wogula kapena kugulitsa kapolo asakhalenso ndi mau pa nkhani za mpingo, nusankha amuna, Woolman mmodzi wa iwo, oyendera osunga akapolo khomo ndi khomo. Lay anamva mbiri imeneyi ali nkhalamba pafupi kufa. M'caka ca 1776 analamula kuti wokana kumasula akapolo ace acotsedwe. Kucokera pa kalata ya ku Germantown kufikira pamenepo zinapita zaka 88, ndipo ana amene anabadwa akapolo m'nyumba za Abwenzi caka ca kalatayo anafa akali akapolo. Mnzace wa Woolman, mphunzitsi Anthony Benezet, anaphunzitsa ana akuda m'nyumba mwace madzulo, natsegulitsa sukulu yao m'caka ca 1770. Ndipo buku lace lofotokoza maiko a kumadzulo kwa Afrika ndilo linatsegula maso a mnyamata wa ku Cambridge, Thomas Clarkson, m'caka ca 1785.

Atasesa m'nyumba mwao, anaturuka kubwalo. M'caka ca 1783 Abwenzi 273 anasaina pempho lopita ku Nyumba ya Malamulo ya ku London kuti malonda a akapolo aletsedwe. Pa 22 Meyi 1787 amuna 12 anakomana m'nyumba yosindikiziramo mabuku ya James Phillips, napanga bungwe lolimbana ndi malondawo. 9 a iwo anali Abwenzi. Koma popeza Mbwenzi salumbira, sanakhoza kukhala m'Nyumba ya Malamulo, ndipo anafuna pakamwa pa wina: ndiye William Wilberforce, wa mpingo wa Anglican, amene dzina lace lidziwika m'masukulu pamene maina a osindikiza ndi osonkha ndalama aja aiwalika. Malonda a akapolo m'zombo za Angerezi analetsedwa m'caka ca 1807, koma amene anali kale m'minda anakhalabe akapolo, ndipo atsogoleri anati ufulu udze pang'ono pang'ono. Mai wina wa Abwenzi wa ku Leicester, Elizabeth Heyrick, analemba m'caka ca 1824 kuti ufulu uyenera kudza tsopano lino, nayenda khomo ndi khomo kupempha akazi kuti aleke kugula shuga wa akapolo. Lamulo lomasula linadza m'caka ca 1833, boma nilipira eni akapolo mapaundi 20,000,000, akapolo eni ace osalandira kanthu koma kukakamizidwa kugwirabe nchito zaka zina kwa ambuye ao akale. Joseph Sturge, Mbwenzi wogulitsa tirigu ku Birmingham, anapita iye mwini ku zisumbuzo kukaona, nabwera ndi umboni umene unathandiza kuthetsa cinyengoco pa 1 Ogasiti 1838.

Ku Birmingham komweko kunali cirema cina cimene anthu a ku Luangwa ayenera kucidziwa. Banja la Galton, Abwenzi olemera, linali kupanga mfuti, ndipo zambiri zinagulidwa ndi amalonda a akapolo kukasinthanitsa ndi anthu pa gombe la Afrika. Mpingo utamfunsa Samuel Galton m'caka ca 1795, iye anayankha kuti ali yense wopereka msonkho, wokongoza ndalama kapena wogulitsa citsulo adya nao phindu la nkhondo, ndipo nkosayenera kuloza iye yekha. Yankholo linali ndi coonadi cace, ndipo cifukwa cace linawawa. Anamcotsa m'caka ca 1796, koma anapitirira kufika ku mapemphero. Mfuti zochipa za ku Ulaya za mtundu umenewo, za gogodera, ndizo zinali pa mapewa a Acikunda patapita zaka 80.

Munda wa Banani

Msika wa akapolo wa ku Zanzibar unatsekedwa m'caka ca 1873, caka comwe anamwalira David Livingstone. Koma kutseka msika sikunamasule amene anali m'minda ya karafuu. Zisumbuzo zitalowa m'citetezo ca Angerezi m'caka ca 1890, Abwenzi ndi anzao a bungwe lolimbana ndi ukapolo, limene Sturge analiyambitsa m'caka ca 1839, anaumiriza boma kuti mbendera ya Angerezi isaphimbe ukapolo. Pa 6 Epulo 1897 Sultan Hamoud anasaina lamulo. Koma lamulolo linali ndi minga. Kapolo sanamasuke pa yekha. Anayenera kupita ku bwalo la milandu kukapempha ufulu wace, ndipo boma linalipira mbuye wace. Womasulidwa anayenera kuonetsa kuti ali ndi pokhala ndi nchito, kuopa kumangidwa monga woyendayenda wopanda pace. Akazi osungidwa ngati adzakazi a m'nyumba za ambuye ao sanawerengedwe konse, kufikira lamulo lina la 1909.

Apa ndipo panaoneka nzeru ya Theodore Burtt ndi mnzace Henry Stanley Newman. Anagula munda wotchedwa Banani, pafupi ndi Chake Chake, kuti munthu wopempha ufulu akhale ndi yankho pamene woweruza amfunsa kumene adzagona ndi cimene adzadya. Anaperekeza akapolo ku bwalo, nalembera ku London za milandu imene akuru a boma anafuna kuikwirira, nakangana ndi akuruwo, amene anaopa kuti karafuu adzaolera m'mitengo akasowa othyola. Pa Banani anthu anagwira nchito ya malipiro, nalima minda yaoyao, ana ao nalowa sukulu ndi kuphunzira ukalipentala. Otembenuka kulowa mpingo anali ocepa, pakuti anthu a Pemba anakhalabe Asilamu. Mishoniyo ikayesedwa ndi kuculuka kwa Akristu, inalephera, koma sindico cimene anadzera.

Ngakhale pamenepo manja a Abwenzi sanayere onse. Kampani ya Cadbury, ya banja la Abwenzi, inamva m'caka ca 1901 kuti koko amene inali kugula pa cisumbu ca São Tomé alimidwa ndi anthu ogwidwa m'kati mwa Angola. Inatuma munthu kukafufuza, inakambirana ndi Apwitikizi, ndipo inaleka kugula m'caka ca 1909, zitapita zaka zisanu ndi zitatu. Kumene mpingo unamera mizu m'Afrika ndi ku Kenya, kumene Abwenzi atatu a ku Amereka anayamba mishoni pa Kaimosi m'caka ca 1902; lero ku Kenya kuli Abwenzi ambiri koposa dziko lina liri lonse.

M'dziko lino

Ku Northern Rhodesia dzina la Abwenzi linamveka pa nthawi ya nkhondo ya ufulu. Kuciyambi kwa caka ca 1962, pamene Kenneth Kaunda anali kukana malamulo a cisankho amene anakonzedwa kuti Azungu akhalebe pamwamba, ku Dar es Salaam kunasonkhana anthu a maiko ambiri okana ciwawa. Pakati pao panali Bayard Rustin, Mbwenzi wakuda wa ku Pennsylvania, mdzukulu wa anthu a mtundu umene Woolman anaulirira, amene analeredwa ndi agogo ace akazi m'ciphunzitso ca Abwenzi, nakhala m'ndende pa nkhondo yaciwiri cifukwa cokana usilikari. Pamodzi ndi Bill Sutherland ndi mbusa Michael Scott anakonza kuti khamu la anthu opanda zida liyende pansi kucokera ku Tanganyika ndi kuoloka malire, pa nthawi imene Kaunda adzaitana anthu onse kuleka nchito. Ulendowo sunacitike, pakuti m'masabata omwewo boma la ku London linasintha malamulo aja, ndipo UNIP inalowa cisankho ca Okutobala 1962. Caka cotsatira Rustin ndiye anakonza msonkhano waukuru wa ku Washington umene Martin Luther King analankhulapo.

Ufulu utadza m'caka ca 1964, anthu anakhamukira ku mizinda, ambiri a iwo pa mseu womwe uja wa kum'mawa, namanga nyumba za dothi ndi zidutswa za malata m'makomboni amene boma silinawabvomereze. Bungwe la Abwenzi a ku Amereka, American Friends Service Committee, limene pamodzi ndi anzao a ku Mangalande linalandira mphotho ya mtendere ya Nobel m'caka ca 1947, linayamba nchito ya nyumba ku Kafue m'caka ca 1969. Silinamangire munthu nyumba. Mabanja anagawidwa m'magulu, naumba njerwa zao za dothi losanganiza ndi simenti, nathandizana kumanga nyumba ya wina ndi ya mnzace, monga acitira anthu a kumudzi pa dima. Ndipo mabanja oposa 200 analowa m'nyumba zaozao. Pamene boma linakongola ndalama ku World Bank m'caka ca 1974 kuti likonze makomboni a Lusaka monga George, Chawama ndi Chaisa m'malo mwa kuwagumula, bungwe lomweli linathandiza kuphunzitsa anchito oyenda m'makombonimo, amene anakhala pansi ndi eni nyumba kufikira atamvana pamene mseu udzapita ndi pamene mpope wa madzi udzaima, ndi yani adzasuntha nyumba yace kuti mseuwo upite. M'caka ca 1982 nchitoyo inaperekedwa m'manja mwa bungwe la Azambia eni ace, lotchedwa Human Settlements of Zambia.